Kudya Bwino Thumba Lili Lopepuka: Poyambira Pake Kuno ku Zomba

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ukatchula za kudya magulu asanu ndi limodzi anthu amati ukuwaseka. Amati zimenezo n'za mabwana a ku Mulunguzi, ife bola nsima ilowe m'mimba. Komatu mukazungulira mumsika wa Zomba mosathamanga, muona kuti zakudya zomwe thupi limazifunitsitsa, bonongwe, nandolo, matemba, mbatata, magwafa, ndizo zili pa milu yotsika mtengo. Zomwe zimatha ndalama ndi zija timagula tili chiimire: mandasi a m'mawa, tchipisi cha pachiwaya, botolo la zoziziritsa kukhosi, kathumba ka ufa wa tsiku limodzi. Choncho ntchito yaikulu apa ndi kusamutsa ndalama yomwe ikutuluka kale m'thumba mwanu, kuti izikagwera pa zinthu zina.

Choyamba: sabata imodzi yongolemba

Sabata yoyamba musasinthe kalikonse. Tengani kope lakale la mwana kapena foni, muzilemba chodyedwa chilichonse chomwe mwagula ndi mtengo wake, ngakhale chitumbuwa chimodzi. Makala nawo alembedwe, chifukwa ali mumtengo wa chakudya ngakhale sitiwadya. Lamulungu madzulo chongani zonse zomwe munadyera panjira ndi zomwe munagula zomangamanga: mafuta a m'kapulasitiki, kashuga, walkman wa ufa. Phatikizani. Ndalama imeneyo ndiyo mpamba wanu. Sikuti muisiye yonse, wogwira ntchito kutali ndi kunyumba adzadyabe masana. Koma theka lake likhoza kugula chidebe cha mtedza kapena botolo lathunthu la mafuta, lomwe mukaliwerengera pa supuni limatsika mtengo kuposa timapulasitiki tija.

Amene ndalama imawapeza tsiku ndi tsiku, a kabaza, a ganyu, ogulitsa tomato, n'zoona kuti sangagule zambiri nthawi imodzi. Apa m'pamene chipereganyu ndi banki m'khonde zimagwira ntchito. Mabanja atatu oyandikana akhoza kusonkha, kugula thumba limodzi n'kugawana pa chidebe. Ophunzira a pa yunivesite omwe amachita lendi ku Chikanda angachitenso chomwecho, n'kumaphikira mbaula imodzi m'malo moti chipinda chilichonse chiziyatsa moto wakewake.

Chachiwiri: magulu aja muziwawerenga pa tsiku lonse

Magulu omwe a zaumoyo amatiphunzitsa ndi awa: zokhutitsa monga chimanga, mpunga, mbatata ndi chinangwa, za nyemba, kuphatikizapo nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza, zamasamba, zipatso, zochokera ku nyama, momwe muli nsomba, mazira, mkaka ndi ngumbi zomwe, ndi zamafuta, momwe mulinso mapeyala. Ambiri amagwa ulesi poganiza kuti zonsezi ziyenera kupezeka m'mbale imodzi. Ayi. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, magulu awiri atheka. Masana nsima ndi nkhwani wothira tomato ndi kamafuta, pamwamba pake gwafa, afika asanu. Madzulo matemba, akwana asanu ndi limodzi, ndipo simunapite ku butchala.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Wina wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mavuto awiriwa amatha kukhala m'nyumba imodzi, mwana wosakula bwino ndi mayi kapena bambo wa BP, onse akudya mumphika umodzi wa nsima yambiri, mchere wambiri ndi ndiwo zongonyambita.

Chachitatu: nsima ikhale, koma ufa usinthe

Palibe amene akuti musiye nsima. Taonani chabe ulendo wa ufa woyera. Chimanga chimakonoledwa, mphale n'kuviikidwa masiku angapo, kutsukidwa, kuyanikidwa, kenako kugayidwa. Pokonola pamachoka madeya ndi kamtima ka njere, momwe muli mafuta ndi mavitamini a gulu la B, ndiponso gaga amene amathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Poviika zina zimatsalira m'madzi omwe timataya. Pamapeto mwalipira kuchigayo kawiri, ndipo ufa womwe mwabwera nawo ndi wochepa poyerekeza ndi chimanga chomwe munanyamula. Mgaiwa mumalipira kamodzi, ufa umachuluka, ndipo umakhalitsa m'mimba.

Vuto la mgaiwa ndi mbiri yake. Anthu amaukumbukira ngati ufa wa kusukulu yogonera komweko ndi wa nthawi ya njala, ndiye mukaubweretsa mwadzidzidzi pakhomo pakhala madandaulo. Yambani ndi kusakaniza, mbale zitatu za ufa woyera ndi imodzi ya mgaiwa, kenako theka ndi theka. Ena amaima pa gramilu, wokonola koma wosaviika, nakonso ndi kusuntha. Musagayitse mgaiwa wambiri nthawi imodzi, chifukwa mafuta aja amauchititsa kuwawa ukakhalitsa. Wa masabata awiri ndi wokwana.

Chimanga chenichenicho chigulidwe pokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni. Amene amadikira Januwale ndi Febuluwale amagula pa mtengo wa njala. Musanasunge, onetsetsani kuti chauma: thirani njere pang'ono ndi mchere wouma m'botolo louma bwino, tsekani, khutchumulani, n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimanga chikadali ndi chinyezi, chiyanikeninso. Matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda kuthira mankhwala, bola pulasitiki iliyonse imangidwe payokha ndipo isabooke. Thumba likhale pa matabwa, lisagunde pansi kapena khoma. Njere zowola ndi zachuku zitayeni, musamve chisoni. Chuku chimenecho chimatulutsa poizoni woononga chiwindi, ndipo moto wophikira sumupha.

Masiku ena mphika wa nsima upume. Kuli mpunga wa ku Domasi ndi ku Likangala, kuli chinangwa, nthochi zophika, kuli mbatata. Pa mbatata funsani yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, chifukwa mtundu wake wofiirawo ndi umene thupi limausandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Ndipo pa tsiku la nsima, mtanda umodzi uchepe, ndiwo zichuluke.

Chachinayi: nyemba popanda kumaliza thumba la makala

Zomba ndi dziko la nandolo. Kuyambira cha mu Julayi wamuwisi amayamba kupezeka, wa makata ndi wa ndiwo, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala wouma amadzaza misika ya Thondwe, Jali ndi Songani. Imeneyo ndiyo nthawi yogula wa miyezi ingapo. Chomwe chimabweza anthu a m'tauni pa nyemba ndi nandolo wouma si kukoma kwake, ndi makala. Mphika umakhala pamoto kuyambira m'mawa mpaka masana, mtengo wa moto n'kuposa wa nyembazo.

Chitani motere. Madzulo sankhani nyemba, tsukani, viikani m'madzi ambiri usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, amachoka ndi zina zomwe zimatupitsa m'mimba. Thirani madzi atsopano, ikani pamoto wamphamvu, ziwire mogaduka kwa mphindi 15 mpaka 20. Kuwira kumeneku musakudule, makamaka pa nyemba zofiira, chifukwa zosawira mokwanira zimatsegula m'mimba. Mukatero phulani mphika uli chivundikire, musausuzumire, ukulungeni m'bulangete lakale kapena zitenje zingapo, n'kuulowetsa m'dengu lomwe mwayalamo nsanza kapena udzu wouma, pamwamba n'kutsekanso. Pakatha maola atatu kapena anayi mupeza nyemba zafewa ndi kutentha kwake komwe, mphika ukadali wotentha moti simungaugwire ndi manja. Chotsala n'kuubwezera pamoto pang'ono, kuthira anyezi, tomato ndi mchere. Tomato alowe pomaliza, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba zikakhala zisanapse. Wopita kuntchito akhoza kuwiritsa m'mawa akuphika phala, madzulo n'kupeza ndiwo zikumudikira. Ophikira nkhuni, Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo utsi umachepa.

Phikani za masiku awiri, koma zotsala ziziwiritsidwa mpaka kugaduka musanadye. Ana akatopa ndi nyemba za msuzi, chotsani makoko muphike chipere.

Mtedza gulani wosasenda mu Meyi ndi Juni, muzisenda wokwana sabata. Musauwaze madzi kuti makoko afewe, chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku. Njere zonyala, zakuda ndi zowawa zichoke musanasinje. Nsinjiro yosinja nokha mumadziwa mtedza womwe walowamo, pomwe ya m'timapepala ta pamsika simungaone ngati munalowa zotsalira zosankhidwa.

Chachisanu: masamba asaphedwe mumphika

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira osadziwa, chifukwa timagula masamba abwino n'kuwaphika mpaka atasanduka akuda. Titenge nkhwani. Sadzulani, tsukani masamba ali athunthu, kenako dulani. Mukadula kaye n'kutsuka pambuyo, madzi obiriwira omwe mumataya aja apita ndi mavitamini. Ikani madzi ochepa mumphika, ongokwana kubisa pansi, awire kaye. Ponyani masamba, kamchere, vundikirani. Pakatha mphindi zisanu tembenuzani, ikani tomato pamwamba, kenako wazani nsinjiro pamwamba pa tomatoyo osavundula. Vundikiraninso kuti nthunzi ipsetse nsinjiro, ndipo mukamva fungo la mtedza wakupsa, vundulani ndi mthiko, kaphikeni mphindi zochepa n'kuphula. Masamba akhale akadali obiriwira, msuzi wake wogwirana, wosafunika kukhetsa.

Soda ndi chidulo zimafewetsa msanga, koma zimaononga vitamini C ndi ena a gulu la B. Therere lopanda soda ambiri sangalilandire, ndiye pamenepo ingochepetsani. Koma nkhwani wanthete, bonongwe, chisoso, kholowa ndi luni sizifuna soda n'komwe. Chigwada ndicho chosiyana: chisinjidwe bwino ndipo chiwire nthawi yaitali, poyamba chosavundikira, kuti ululu wa m'masamba a chinangwa uchoke. Kamafuta kapena nsinjiro m'ndiwo zamasamba si kukometsa chabe, vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Tiyi naye asamwedwe pamodzi ndi chakudya, chifukwa amatchinga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, amene amathandiza kupanga magazi. Dikirani ola limodzi. Ndimu, tomato wamuwisi kapena gwafa pa chakudya chomwecho zimachita zosiyana, zimathandiza ayironiyo kulowa.

Pogula, madzulo ogulitsa safuna kubwerera ndi masamba kunyumba, milu imakula. Khalani ndi mayi mmodzi amene mumagula kwa iye nthawi zonse. Kasitomala wodziwika akangoti, "Mayi, lero mundiganizire," basela samuvuta. Masamba achikuda omwe ena amawanyoza kuti ndi udzu nthawi zambiri amaposa kabichi pa zomwe amapatsa thupi, ndipo nthawi ya dzinja bonongwe ndi chisoso zimamera zokha kuseri kwa nyumba.

Febuluwale ndi Malichi, masamba akachuluka, futsani. Aviikeni m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ayanikeni pathandala pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limawotcha mavitamini, ndipo akauma asungeni m'chidebe chotseka. Mfutso wa chitambe kapena wa nkhwani udzakupulumutsani mu Okutobala, masamba a kudimba akakwera mtengo. A lendi opanda malo, thumba lakale lodzaza dothi ndi manyowa limabereka mpiru kapena bonongwe pakangotha mwezi, ndipo madzi otsukira mpunga ndi masamba ndi okwana kuthirira.

Chachisanu ndi chimodzi: matemba ndi mitu yake

Kansomba kodyedwa kathunthu, mutu, minga ndi zonse, kamapereka kashiamu wolimbitsa mafupa amene simungamupeze mu mnofu wa nsomba yaikulu. Choncho chizolowezi chodula mitu ya matemba ndi usipa chithe. Ingotsukani msanga m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke. Nyanja ya Chilwa, komwe matemba athu amachokera kudzera ku Kachulu, imaphwa zaka zina, monga inachitira mu 1995, 2012 ndi 2018, ndipo zikatero mulu umachepa mtengo n'kukwera. Nthawi ngati imeneyo tembenukirani ku usipa ndi bonya, ku mazira, ndi ku ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Mulu umodzi wa nsomba ukhoza kutalikitsidwa: kazingani pang'ono popanda mafuta, sinjani mpaka ufa, sungani m'botolo louma, muzithira supuni imodzi m'ndiwo zamasamba kapena m'phala la mwana. Nyama ya ng'ombe kapena nkhuku ikhale ya tsiku lomwe thumba lalola.

Chachisanu ndi chiwiri: kadzutsa wa kunyumba

Tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi awiri amakusiyani ndi njala isanakwane teni koloko, ndiye mumagulanso china. Konzani ufa wa phala wa mwezi wonse: makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya, mulingo womwewo wa Likuni Phala. Soya asankhidwe, akazingidwe mpaka atafiirira ndi kununkhira, mupete makoko, kenako musakanize ndi chimanga n'kupita kuchigayo. Soya wosakazinga sagayika bwino m'mimba. Masiku ena phikani futali, mbatata yotendera nsinjiro. Mwana woyamba kudya, kuyambira miyezi isanu ndi umodzi, phala lake likhale lolimbirako, losayenderera pa supuni, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo phala lamadzimadzi limangokadzaza madzi. Wopita kuntchito kapena kusukulu anyamule mbatata yophika, mtedza wokazinga ndi nthochi. Chiwaya chikhale cha kamodzi pa sabata, poti mafuta ake amatenthetsedwa mobwerezabwereza mpaka kuda.

Chachisanu ndi chitatu: mchere ndi shuga zitsike mwakachetechete

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, yomwe ndi pafupifupi supuni imodzi ya tiyi. Muyeso umenewo ukuphatikiza mchere wobisika m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'kapaketi ka zokometsera ka m'masoya pisi, m'buledi ndi m'nsomba zothira mchere. M'mawa pimirani mchere wa tsiku lonse m'kambale, wophika azitapa momwemo, ukatha watha. Pamphasa kapena patebulo pasakhale mchere wowonjezera. Gulani wokhala ndi ayodini, muusunge m'chotseka. Lilime limazolowera pakapita masabata ochepa, makamaka mukamakometsa ndi anyezi, adyo, tsabola ndi ndimu.

Botolo la zoziziritsa kukhosi la 300 ml limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni asanu ndi atatu a tiyi. Mu tiyi chotsani theka la supuni sabata iliyonse, osalengeza. Bwemba, malambe ndi chidede zimapanga chakumwa chabwino kunyumba, kumene shuga mumapima nokha. Thobwa nalonso lisachite kuzuna ngati uchi.

Zipatso: idyani zomwe zili pa nyengo

Mango kuyambira Novembala mpaka Januwale, masuku cha nthawi yomweyo, mapeyala ndi magwafa mvula ikamapita kumapeto, manachesi m'miyezi yozizira, nthochi ndi mapapaya pafupifupi chaka chonse. Masitiroberi a m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe ndi okoma, koma mtengo wake ndi wa alendo. Maapozi ochokera kunja musawadandaule. Gwafa mmodzi ali ndi vitamini C woposa wa lalanje.

Madzi, miyendo ndi kupimitsa

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi a pachitsime kapena a mumtsinje awiritsidwe, kapena athiridwe klorini n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Asungidwe m'ndowa yovundikira, kapu yotungira ikhale yakeyake. Sopo akhale pafupi ndi chimbudzi ndi pophikira, ndipo posamba m'manja musanadye muzithirirana madzi, osasambira m'beseni limodzi.

Olima, osenza katundu ndi opalasa njinga thupi lawo limagwira kale ntchito yokwanira, iwo chofunika n'kudya mokwana. Mawu awa akupita kwa okhala pampando tsiku lonse, muofesi, m'shopu kapena pa benchi ya Airtel Money ndi Mpamba. Muyeso wa WHO ndi mphindi 150 pa sabata, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu, kuyenda kwa ndawala kofika potulutsa kathukuta. Wochokera ku Matawale kapena ku Chinamwali atsike kabaza ulendo usanathe, otsalawo amalize wapansi, ndalama yotsalayo igule mapeyala. Loweruka m'mawa msewu wokwera phiri ulipo waulere, yambani ndi pomwe mpweya wanu ukufika.

Pomwe mukuyamba zonsezi, pitani kuchipatala cha boma chapafupi, monga cha Matawale, mukapimitse BP ndi sikelo, ndipo ngati kwanu kuli mbiri ya matenda a shuga mufunsenso zopimitsa shuga. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka kupweteka kulikonse, munthu amangodzaona atagwa. Manambala alembedwe m'buku lanu la kuchipatala, mudzapimitsenso pakatha miyezi itatu kuti mufananize. Amene muli kale pa mankhwala a BP kapena a shuga musawasiye chifukwa mwasintha kadyedwe. Auzeni adokotala zomwe mwasintha, iwo ndiwo aone ngati mulingo wa mankhwala uyenera kusuntha.